Kagetsi Kakadaphethira

Mvula ya Julaye ikugogoda malata a Valparaíso.
Ndili m'situdiyo ya malemu bambo anga, paphiri la Cordillera,
ndikuthira zithunzi zikwi ziwiri mu fulashi ya mayi Cárcamo:
amuna awo atasenza thumba padoko,
amuna awo mu suti yobwereka, manja ake aafupi,
amuna awo akuseka ndi chende pakamwa.

Kamzere kobiriwira kanathamanga ngati kwapsa nyumba,
katatsala chala chimodzi kuti kafike, kanaima nji.
Mbewa nayo inauma. Ndinaigwedeza, ndinaimenyetsa patebulo,
koma muvi wake uli chiimire pasikirini
ngati ntchentche yofera pazenera.
Nyimbo imene imalira inagwidwa chibwibwi,
liwu limodzi kulitafuna kasanu.

Ndinati ndi vairasi. Ndinasesa usiku wonse, osapeza kanthu.
Ndinagula mbewa ina kwa Eleuterio wa pakona.
Ndinasintha kabowo, ndinapemerera fumbi,
ndinatukwana mawu amene bambo sankalola m'chipinda chino.
Lachiwiri mtima unandipsa:
kompyuta itangoti ndamaliza, ndinazula fulashiyo.
Madzulo mayi Cárcamo anabwerera, ambulera ikudontha.
Sanakalipe. Anangondionetsa.
Amuna awo adulidwa m'chiuno,
kumunsi konse phulusa lokhalokha.

Ximena anakwera ndi chikepe chakale chija chomalira mafupa.
Amakonza makompyuta a ku kasitomu, sakonda moni wautali.
Anamvetsera makina ngati namwino, khofi ali m'manja,
kenako anandikokera pazenera.

Ona pansi apo, anatero.
Chombo chimakhuthula makontena onse pabwalo,
kaputeni nkusaina kuti katundu wafika, nkupita kukagona.
Koma geti lotulukira ndi limodzi,
lole imodzi, ina idikire.
Bwalo likadzaza thothotho, aliyense aime:
wa nsomba, wa makalata, ngakhale mbewa yakoyo.
Makina ako sakudwala, Amaro.
Akumeza zambiri m'memori, nkukuuza kuti zatha
chifukwa sakufuna kukudikiritsa.
Ndi bodza la ulemu.

Anatsegula kazenera kakuda,
analemba mizere iwiri ndi zala zitatu zokha.
Bwalo ndalichepetsa, anati. Mamegabaiti makumi anayi basi.
Zituluke kaye, kenako kulowe zina.
Uziona ngati zachedwa. Sizinachedwe ayi,
liwiro lake lenileni ndi limeneli kuyambira kale.

Ndinayambanso.
Kamzere kanakwawa ngati nkhono pakhoma lonyowa,
mphindi makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, ndinawerenga.
Koma mbewa inkayenda, nyimbo inafika kumapeto kwake,
ndinayankha makalata atatu, ndinawiritsa madzi.
Kuthamanga sikufika, bambo ankatero akamatsuka filimu,
ine ndinkayesa ndi ulesi wa munthu wokalamba.

Ximena anakana ndalama, anatenga malalanje awiri.
Ali pakhomo anacheuka:
Ngakhale ikuuze kuti yamaliza, yang'ana kagetsi.
Kakadaphethira, manja ako akhale m'thumba.

Mayi Cárcamo abwera mawa teni koloko.
Amuna awo ali ndi miyendo tsopano,
nsapato zong'ambika, chingwe chomasuka kumanzere.
Ndaona chithunzi chilichonse, mpaka maso kuwawa.

Kwada. Zombo zitatu zikudikira kunja kwa doko.
Jekete la bambo lili pamsomali womwe uja,
malisiti a mu Malichi akadali m'thumba mwake.
Maliro atangotha sabata ndinauza azakhali kuti ndalimba,
ndinauza wansembe, ndinauza Eleuterio,
ndinatsegula situdiyo Lolemba lomwelo.
Onse anasaina kuti katundu wafika.

Ndazimitsa nyale.
Patebulo kagetsi kofiira kakuphethirabe,
ndipo ine ndakhala pampando wawo,
manja m'thumba.